Dontho la oilo pa Khwekhwerere

Aliyense amene anatsikapo msewu wochokera pa Masasa kupita ku Golomoti amadziwa chifukwa chake anthu anautcha Khwekhwerere. Msewuwu umapatuka mu msewu waukulu wa M1 kummwera kwa boma la Dedza, n'kudutsa m'minda ya mbatatesi ndi kabichi, kenaka n'kuyamba kukhotakhota potsika phiri mpaka kuchigwa. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pomwe nyanja ya Malawi siifika ndi mamita 500 omwe, ndipo gawo lalikulu la kusiyana kumeneku galimoto imalitsika pa mtunda waufupi chabe. Munthu amanyamuka kumtunda atavala juzi, koma pofika kumunsi thukuta limakhala lili kamukamu.

Mu Okutobala 2023 ndinatsika msewu umenewu pa lole yakale ya matani atatu imene inanyamula matumba 48 a mbatatesi a kalabu ina ya alimi a kudera la Bembeke. Mbatatesiyo inali ya mabanja 12, yolimidwa kudimba ndi madzi a m'keni, ndipo inkapita ku Monkey Bay kumene okazinga tchipisi amaigula pa mtengo woposa wa kumudzi. Mabanja amenewa ankayembekezera ndalamazo kuti agule feteleza mvula isanagwe. Kutsogolo tinakhalako atatu: dalaivala, mayi amene anali wapampando wa kalabuyo, ndi ine. Mnyamata wothandiza dalaivala anakwera pamwamba pa matumba.

Tinatsika pa giya yaikulu mphamvu, injini ikulira ngati ikudandaula. Tili pakati pa phiri, pafupi ndi pamene amisiri amagulitsa tigalimoto ndi tinjinga tosema ndi mitengo, dalaivala anaima kuti mabuleki azizire. Apa ndi pamene mayi aja anamva fungo longa la mazira owola, ndipo atawerama anaona madontho akuda pansi pa lole, pakati pa matayala akumbuyo.

"Achimwene, kodi ichi chikudonthachi n'chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Musadandaule mayi, ndi difu imeneyo. Inayamba kale, timangothiramo oilo wina," anatero dalaivala uku akupukuta manja.

"Nanga mwathiramo liti komaliza?"

Dalaivala anayang'ana mnyamata wake, mnyamatayo n'kuyang'ana kuphiri. Pamene tinkamaliza makona otsiriza, kumbuyo kwa lole kunayamba kumveka kulira kosalekeza konga kwa mphepo yodutsa pa waya. Mayi aja ananena mosapita m'mbali kuti mbatatesi ya anthu siidutsa pa Golomoti makaniko asanaione galimotoyo.

Golomoti ndi malo a mphambano. Msewu wa M5 wochokera ku Salima umadutsa pomwepa, njanji imene inafika ku Salima mu 1935 nayonso imadutsa pano, ndipo msewu wa ku Monkey Bay umayambira pafupi pomwepo. Chapatali pang'ono pamaoneka mizere ya makina opanga magetsi a dzuwa amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma ife chimene tinkafuna chinali pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa msika, kumene bambo wina wa imvi amakonzerako galimoto, zida zake zili m'bokosi la malata.

Bamboyo sanathamangire sipanala. Anayala katoni n'kugona chagada pansi pa lole, natenga nthawi akungoyang'ana. Atatuluka anatiuza kuti difu, chimene chili ngati mphika wachitsulo pakati pa matayala akumbuyo, ndiyo imalandira mphamvu kuchokera ku shafuti yaitali n'kuigawira matayala awiriwo, komanso imalola kuti tayala lakunja lizungulire msanga kuposa lamkati pamene galimoto ikukhota. Mkati mwake muli magiya ndi mabering'i amene amasamba mu oilo wolimba, ndipo oiloyo amatsekeredwa ndi timphete ta labala timene amakaniko amati masilu.

"Oilo ameneyu amathawira malo awiri, mayi," anatero. "Akatulukira kumapeto, kumene kuli matayala, amanyowetsa mabuleki ndipo galimoto imakana kuima bwino. Pa phiri limene mwatsikali imeneyo ndi imfa. Mwayi wanu ndi wakuti mkati mwa matayala ndi mouma. Yanuyi yatha ndi silu ya kutsogolo, pamene shafuti imalumikizana ndi difu. Onani mmene oilo wamwazikira pansi ponsepa."

Kenaka anamasula chotsekera cha pabowo lothirira oilo, chimene chili m'mbali mwa difu, n'kupisamo chala. Oilo amayenera kufika pakamwa pa bowolo galimoto ikaima pamalo athyathyathya, koma chala chinatuluka chouma. Anati tikanapitirira, mabering'i akanapsa, mano a magiya akanathyoka, mwinanso matayala akanangogwira mwadzidzidzi tili pa liwiro. Silu ndi kanthu kotsika mtengo, koma difu yathunthu ikanadya phindu lonse la ulendowo ndi kupitirira apo.

Asanamasule china chilichonse anatuma mnyamata uja kukatenga miyala ikuluikulu yopinga matayala kutsogolo ndi kumbuyo. Anafotokoza kuti pa malole ambiri aang'ono handibuleki imagwira shafuti osati matayala, kotero kuti shafutiyo ikachotsedwa, palibenso chimene chagwira galimoto. Anajambula mzere wa penti pamene shafuti yakumana ndi difu kuti zidzabwerere monga zinalili, namasula mabawuti anayi, n'kumangirira shafutiyo m'mwamba ndi waya. Pakati panaonekera nati yaikulu. Iyinso anaiika chizindikiro ndi chitsulo chosongoka, nawerenga mizere ya mazinga imene inatsala kunja kwake, n'kulemba nambalayo pa katoni ndi khala.

Nditamufunsa chifukwa chochitira zonsezi, anati nati imeneyo ndiyo imasunga kathinidwe ka mabering'i a mkati. Ikamangidwa mopitirira muyeso mabering'i amatentha n'kutha msanga, ndipo ikalekeredwa, giya imagwedera n'kuononga silu yatsopano ija pa masabata ochepa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga," anatero. Atachotsa nati ndi chitsulo chimene shafuti imamangidwapo, anatokosola silu yakaleyo. Labala wake anali atauma gwa ndiponso atang'aluka.

Silu yotero pa Golomoti panalibe. Bamboyo anationetsa manambala atatu olembedwa pa mphete yakaleyo, osonyeza kukula kwa mkati, kukula kwa kunja ndi kuchindikala kwake m'mamilimita, ndipo anauza mnyamata uja kuti akwere minibasi ya ku Salima atatenga yakaleyo m'thumba kuti akayerekeze ndi maso. Inali cha m'ma 10 koloko mmawa.

Maola odikira aja anali owawa. Dzuwa la Okutobala kuchigwa silichitira chifundo mbatatesi yochokera kozizira, makamaka ikafunditsidwa lona. Mayi aja anachotsa lonayo, nagula mitolo ya udzu kwa amayi ena a pamsika n'kuyala pamwamba pa matumba kuti mphepo izidutsa. Anthu a pamalopo ankabwera kudzafunsa mtengo, ndipo ena ankatchula mitengo yonyoza podziwa kuti tagwidwa. Mayiwo ankangoyankha mwaulemu kuti katunduyo ali ndi eni ake. Wogulitsa nsomba wina anatilangiza kuti tikaone nyumba yosungira za chikhalidwe ku Mua, mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1902 chakumpoto kwa Golomoti, koma panalibe amene anali ndi mtima woyenda.

Makaniko uja sanakhale chabe. Anayendetsa chikhadabo pa chitsulo chimene silu imakhudza, napeza kamzere kosazama, n'kukasalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri. Anati kamzereko kakazama, ngakhale silu yatsopano imadontha, ndipo pamafunika kusintha chitsulocho. Kenaka anakwawiranso pansi n'kumasula kachitsulo kakang'ono ngati chala, kamene kamakhala pamwamba pa difu. Kanali katamatidwa ndi matope ouma a m'misewu ya kumadimba.

"Wapalamula mlandu ndi uyu," anatero akutionetsa. "Difu imapumira apa. Ikatentha, mpweya wa mkati umafufuma ndipo umayenera kutulukira pa kabowo aka. Kakatsekeka, mpweya umakankha oilo mpaka apeze potulukira, ndipo amatulukira pa silu. Mukasintha silu osatsuka aka, mudzabweranso mwezi wamawa." Anakaviika mu palafini n'kukapemerera mpaka mpweya unadutsa.

Mnyamata uja anafika cha m'ma 3 koloko masana. Bamboyo anapaka oilo pa mlomo wa silu yatsopano, naiika mbali yokhala ndi kasipuling'i italoza mkati, n'kuikhomerera pang'onopang'ono ndi chidutswa cha paipi yofanana nayo kukula kuti ilowe mowongoka. Anabwezera nati mpaka zizindikiro ziwiri zija zinakumana ndipo mizere ya mazinga inakwana monga analembera. Anakhetsa oilo wotsalayo, wakuda bii, n'kutionetsa tizitsulo tonga ufa timene tinamatirira pa chotsekera chapansi. Anati ufa wotere ndi chenjezo chabe, koma tikanapezamo zibenthu bwenzi nkhani ili ina. Anathira oilo wa magiya wolembedwa 85W-140 mpaka anayamba kusefukira pabowo, nachenjeza dalaivala kuti asadzayerekeze kuthiramo oilo wa injini, chifukwa sangapirire kukhuzana kwa magiya a mu difu. Oilo wakaleyo anamusunga m'chigubu, ponena kuti akatayidwa pansi amakathera m'zitsime ndi m'madimba.

Tinafika ku Monkey Bay usiku, ogula atapita kale. Mmawa mwake mbatatesi inagulidwa, koma matumba atatu amene anali pansi penipeni anali atayamba kufewa ndipo anapita pa theka la mtengo. Dalaivala anavomera kuti ndalama zokonzetsera zichotsedwe pa mtengo wa hayala, ndipo zinatero popanda mkangano. Mabanja aja anagula feteleza wawo, ngakhale kuti anaperewera pang'ono pa zimene ankayembekezera.

Pobwerera tinakwera Khwekhwerere lole ili yopanda katundu, kumbuyo kuli zii. Mayi aja anali chete nthawi yaitali, kenaka anati akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma iwo anali asanaganizepo kuti mwambiwu umanenanso za zinthu zimene zikutayika. Dontho limodzi pa tsiku ndi limene linatsala pang'ono kudya thukuta la mabanja 12.

Kalabu ija tsopano ili ndi lamulo limene linalembedwa m'buku la mfundo za misonkhano. Galimoto iliyonse yobwerekedwa imafika dzulo lake n'kugona pamudzi, katoni woyera atayalidwa pansi pake. Mmawa, thumba loyamba lisanakwezedwe, anthu awiri a m'komiti amayang'ana katoniyo, amasuzumira mkati mwa matayala akumbuyo, ndipo amapempha dalaivala kuti atsegule bowo la difu n'kupisamo chala iwo akuona. Madalaivala ena amaseka, ena amakwiya, koma mpaka lero palibe amene anakana hayala kaamba ka lamuloli.