Ndinagwa pa sikafodi ndi ndowa pamutu

Ntchito ya zomangamanga ndinaiyamba ngati waganyu mu Lilongwe, kukanda matope ndi kuponyera amisiri njerwa. Tsiku loyamba kapitawo anangondifunsa ngati ndili ndi mphamvu, n'kundilozera fosholo. Maphunziro anga onse anathera pomwepo.

Sikafodi yathu inali ya mitengo ya bulugamu, yokhomedwa ndi misomali yochita kuwongola, yozulidwa pa nyumba ina. Usiku wina kunagwa mvula yambiri, ndipo m'mawa mwake mitengo iwiri inali itamira m'dothi mbali imodzi. Amisiri anaziona, koma simenti inali itakandidwa kale, ndiye kapitawo anati, "Achimwene, kwerani, tikonza masana." Ndinakwera ndi ndowa pamutu, kuphazi patapata. Thabwa linapendekeka, ine n'kutsikira pamulu wa njerwa, ndowa pambuyo panga.

Anzanga anandikonda, koma chikondi chawo chikanandipha. Anandinyamula wina miyendo wina manja, n'kundipinda mu wilibala mpaka kumsewu. Achipatala atamva zimenezi anagwira pakamwa. Anati munthu wogwa kuchokera pamwamba sanyamulidwa chisawawa, chifukwa ngati fupa la msana lasweka, kumupinda kumamupuwalitsa moyo wonse. Ine mwayi, linathyoka la m'chiuno. Mpaka lero ndimatsimphina, ndipo kukazizira ndimadziwa ndisanatuluke m'nyumba.

Za malamulo ndinakazimvera ku ofesi ya zantchito, ndikuyendera ndodo. Anandiuza kuti dziko lino lili ndi lamulo la 1997 lokakamiza olemba ntchito kuphunzitsa antchito za ngozi ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera, komanso lina la 2000 la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito. Koma dzina langa silinalembedwe m'buku lililonse, moti abwana anayamba ndi kukana kuti sandidziwa. Anandipulumutsa ndi amisiri awiri amene analimba mtima n'kuchitira umboni.

Chimene chimandiwawa n'chakuti maphunziro a chitetezo akabwera amaitana akuluakulu ku hotela, m'Chingerezi, pamene wokwera pamwamba ndi ndowa ndi mnyamata wa ganyu amene walembedwa m'mawa womwewo pageti.

Inu akapitawo, munthu watsopano asanagwire fosholo, mulembeni dzina, mumupatse jombo ndi chipewa cholimba, ndipo muyende naye mumuonetse pamene pali mawaya a magetsi, maenje ndi thabwa losadalirika. Mumuuzenso m'Chichewa kuti akaona sikafodi yapendekeka, akane kukwera ndipo simumuchotsa ntchito.