Kodi Nyanja Idzabweza Akufa Ake?

Ndifuna kukusimbirani funso limene anandifunsa mayi wina wa kuno ku Liwaladzi, pakuti ndiyesa kuti lili m'mitima ya ambiri a ife okhala m'mbali mwa nyanja, ngakhale sitilitulutsa pakamwa.

M'mwezi wa Julaye, nyengo ya mwera, mwana wake wamwamuna anapita usiku ndi anzake kukapha usipa. Bwato linagubuduzika, awiri anapulumuka, koma iye sanaoneke. Tinamfuna masiku 6, kufikira kumene mtsinje wa Bua uthira m'nyanja, osampeza. Tsono tinakhala maliro opanda mtembo, amene ali owawa koposa onse. Atabalalika anthu, mayiyo anandiitana pakhonde, nati: "Aphunzitsi, inu mutiphunzitsa kuti matupi athu adzauka tsiku lomaliza. Nanga wanga uja, amene amudya akampango, adzauka ndi chiyani?"

Ndinakhala chete kanthawi. Ku seminale anatipatsa mayankho ambiri, koma ali opepuka powalemba ndi choko, olemera powanena kwa mayi wotupa maso. Pomaliza ndinayambira pamene Eklezia ayambira, ndiye pa manda a Yezu.

Taonani mboni zake. Oyamba kupeza manda apululu anali akazi, Maria wa ku Magadala ndi anzake, ndipo masiku amenewo mau a mkazi sanali kulemera pa bwalo la milandu. Munthu wopeka bodza akadasankha mboni zina. Apostoli nawo anali atathawa, Petro atakana Mbuye wake katatu. Koma patapita masiku 50 anthu amantha omwewo anaima poyera mu Yerusalemu, mzinda womwe anamupheramo, nalalika kuti wauka. Adani ake akadangotulutsa mtembo, nkhani ikadathera pomwepo, sanautulutse. Yakobo anaphedwa ndi lupanga la Herode, Petro anaphedwa ku Roma masiku a Nero, ndipo sanabweze mau. Paulo Woyera, polembera akristu a ku Korinto patapita zaka ngati 25, anatchula abale oposa 500 amene anamuona nthawi imodzi, ambiri a iwo akali moyo, monga achitira munthu pa bwalo la amfumu ponena kuti mboni zilipo, mukazifunse.

Koma chimene chindigwira mtima ine mwana wa kunyanja ndi nsomba. Makolo athu anadziwa kale kuti mzimu sufa, ndicho chifukwa anali kuthira nsembe. Chachilendo chimene Uthenga Wabwino unadza nacho ndi cha thupi. Yezu atauka anadya nsomba yootcha pamaso pa ophunzira ake. Ndipo tsiku lina m'mawa, pa gombe la nyanja ya Tiberiya, anasonkha moto nadikira asodzi amene anachezera usiku wonse osapha kanthu, kufikira anakoka nsomba 153 pa mau ake. Kodi mzukwa usonkha moto? Kodi mzukwa udya nsomba?

Pamenepo ndinamufunsa mayiyo: "Mayi, mwana ameneyu anali kuti musanakhale ndi pakati pake?" Anati: "Kunalibe." Ndinati: "Amene anamuumba kulibe kanthu, adzalephera kodi kumuitana m'madzi?" Paulo afanizira thupi ndi mbeu yofesedwa, imene simera monga inalowera m'nthaka. Ife kuno tidziwa chinangwa: tizika kamtengo kooneka ngati nkhuni, ndipo patapita miyezi tidya kondowole. Ndiponso Yohane Woyera m'buku la Chivumbulutso anaona nyanja ikubweza akufa amene anali m'menemo. Ndikawerenga pamenepo ndikumbuka anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946, kumpoto kwa nyanja yathu yomweyi. Palibe mmodzi wa iwo amene Mulungu sadziwa pogona pake.

Sindinganene kuti mayiyo anatonthola tsiku lomwelo, iyayi. Anangofunsa ngati Misa itheka kwa munthu wopanda manda. Ndinati itheka, ndipo ndinalemba dzina la mnyamatayo kuti ndikapereke kwa Bambo akadzafika. Abale ena anafuna kupita kukaombeza, kuti adziwe amene anatuma mwera. Iye anawakaniza yekha, ine osanena kanthu.

Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa onse, titatha kupemphera kumanda, anandipempha kuti titsikire ku gombe. Tinapita akristu owerengeka, tinagwada pamchenga ndi kunena kolona titayang'ana kumadzi. Asodzi amene anali kusoka chilimira pafupi, ena a iwo Asilamu, amenenso adikira tsiku la kuuka, analeka ntchito nakhala chete kufikira tinatsiriza. Madzulo ake mng'ono wa malemuyo, amene sanaloledwe kukwera bwato chichitikire ngozi ija, anatenga nyali, ndipo mayi wake anamunyamulira nkhafi kufikira pamadzi.