Bogi imodzi yokha ya ku Salima

Lachisanu ndinanyamuka ku Area 47 kukaona agogo ku Salima. Mu minibasi tinapanikizana anayi pampando, thumba la ufa lili pamiyendo. Tikudutsa ku Kanengo ndinaona njanji ili phee, ndipo ndinakumbukira William McKeen.

Mu 1905, ku Omaha m'dziko la America, mkuluyu anapangira kampani ya Union Pacific sitima ya bogi imodzi yoyendera petulo. Njanji zakumidzi zinali ndi okwera ochepa, moti kuyendetsako chisitima chamalasha kunali kutaya ndalama. Iye anangoika injini ndi mipando m'bogi imodzi yachitsulo. Zimene zinatchuka zinali zosongoka kutsogolo ngati bwato, mawindo ozungulira, khomo chapakati. Koma giya ya rivesi inalibe! Pobwerera m'mbuyo ankazimitsa injini n'kuilizanso chobwerera. Kilatchi nayo inkavutitsa, ndipo mu 1917 analeka kuzipanga, zitakwana pafupifupi 150.

Makinawo analephera, koma nzeruyo ndimaikhulupirira. Njanji ya ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979, lero imangonyamula katundu. Ine sindikupempha chisitima chachitali ayi. Bogi imodzi basi, kupita m'mawa, kubwerako madzulo, ufa wa agogo utakhala pansi.