Ngalawa yakale ya pa gombe la Cobué

Munthu akaima pa gombe la Cobué m'mawa, chilumba cha Likoma amachiona pafupi ndithu, ngati angathe kufuula anthu a kumeneko n'kumumva. Chilumbachi pamodzi ndi Chizumulu ndi za dziko la Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Pakati pa gombe ndi chilumba pamadutsa ngalawa za matanga zonyamula nkhuni, chinangwa ndi anthu, poti ku Likoma mitengo njochepa. Zikamayenda patali zimaoneka ngati zikungoyandama popanda ntchito. Komatu nyanja ya Niassa si thamanda. Kutalika kwake kumaposa makilomita 550, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700.

Mnyamata wina wa m'mudzi wa kumtunda kwa Cobué, m'boma la Lago, anatopa ndi kulipira eni ngalawa nthawi zonse akafuna kuolotsa katundu wake. Boti la injini sakanalikwanitsa, ndiponso petulo amachokera kutali. Tsiku lina anamva kuti m'mudzi wina wa chakumwera, njira yopita ku Metangula, muli kangalawa ka matabwa kamene mwini wake anamwalira, ndipo mai wamasiye akufuna kukagulitsa.

Sanapite yekha. Anatenga amalume ake, nkhalamba imene inakhala ku Likoma nthawi ya nkhondo n'kubwerera kwao mtendere utabwera mu 1992. Anakapeza kangalawako katavundikiridwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikubisala dzuwa m'kati mwake. Mnyamatayo anakopeka ndi penti wobiriwira amene anali asanafufutike. Amalume aja penti sanamuyang'ane n'komwe. Anatulutsa mpeni nayamba kubaya thabwa lililonse ndi nsonga yake, makamaka pansi ndi pamene pamakhala mlongoti. Pamene mpeni unalowa mosavuta anaikapo chizindikiro ndi khala. Matabwa awiri anapezeka ofumbwa, misomali ina itadyeka ndi dzimbiri, koma msana wa ngalawayo unali wolimba. Atakambirana ndi mai aja pamaso pa mfumu ya mudziwo, mnyamatayo anapereka mbuzi zitatu ndi ndalama za nyemba zimene anagulitsa. Mbuzizo ndizo zinali chodalira cha banja lake pa matenda ndi pa njala, choncho akazi ake sanakondwe nazo.

Kukonza kunatenga mwezi wathunthu. Mmisiri anasintha matabwa awiri aja ndi a mlombwa. M'mipata monse anakhomeramo thonje n'kumata phula. Kenaka anaimiza ngalawayo m'madzi osaya kwa masiku angapo kuti matabwa afufume ndi kutseka okha timipata totsala. Thanga anasoka ndi matumba a fetereza, nalimangirira ku nsungwi yaitali yopendekeka pa mlongoti.

Maphunziro anayamba mu Okutobala, mwera utaleka. Choyamba sichinali chiwongolero ai, koma maina a mphepo. Mwera umachokera kumwera, ndipo umaomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Mpoto umachokera kumpoto m'nyengo ya mvula. Vuma amachokera kum'mawa, kutsika m'mapiri a kuseri kwa gombe. Amalume ankamuuza kuti atseke maso anene kumene mphepo ikuchokera pongoimva patsaya.

Pambuyo pake anaphunzira kuti ngalawa ya thanga silunjika kumene mphepo ikuchokera. Imayenda chammbali, kupita uku n'kutembenukira uko, monga momwe munthu wosenza mtolo amakwerera phiri. Anaphunzira kukhala mbali imene mphepo ikuomba kuti ngalawa isapendekeke, kuika katundu wolemera pansi ndi pakati, ndiponso kusasiya nkhafi ndi chigubu chokapira madzi. Koma lamulo limene amalume ankabwereza tsiku ndi tsiku linali la chingwe cha thanga.

"Mwanawe, chingwe ichi usamachimange. Uzichigwira m'manja. Mphepo ikakula mwadzidzidzi, chitayirire, thanga litaye mphepo."

"Ndamva, amalume," ankayankha choncho, ngakhale kuti chikhatho chinali chitatupa matuza.

Pofika mwezi wa Juni anali ataoloka ku Likoma kangapo, ndipo anayamba kudziona ngati katswiri. M'mawa wina analongeza nkhuni zochuluka kuposa masiku onse, natenga mng'ono wake kuti azikapa madzi. Asodzi amene ankayanika usipa pa gombe anamuonetsa mzere wakuda umene unali pamadzi chakumwera, koma iye anati afika mphepo isanakule. Dzanja litatopa pakati pa ulendo, anamanga chingwe chija pa thabwa lokhalira.

Mwera unafika nthawi imodzi. Mafunde anachita thovu pamwamba, ngalawa inapendekeka, madzi n'kuyamba kulowera m'mbali. Mfundo ya chingwe inali itanyowa ndi kulimba, yosamasulika. Chimene chinawapulumutsa ndi mpeni umene anali nawo m'chiuno. Atadula chingwecho thanga linangokupiza m'mwamba, ngalawa n'kuweramuka. Nkhuni zonse anazitaya m'nyanja, mng'ono wake akukapa madzi uku akulira. Anatsitsa thanga napalasa ndi nkhafi, mafunde akuwakankhira kumpoto, mpaka anakakocheza madzulo pa gombe lina kutali ndi kwao. Usiku umenewo kumudzi anthu sanagone.

Atabwerera mawa lake, amalume sanakalipe. Anangomupatsa chingwe china namuuza kuti alumikize yekha. Paja mau a akuluakulu amakoma akagonera.

Lero kangalawako kakuyendabe pakati pa Cobué ndi Likoma, ndipo mbuzi zinabwereranso m'khola. Chimene chinasintha n'chakuti m'miyezi ya mwera mwini wake amadzuka mbandakucha, kuima pa mchenga ndi kuyang'ana kumwera nthawi yaitali asanakhudze mlongoti. Masiku ena amabwerera kunyumba n'kukatenga khasu, ngakhale anthu ofuna kuoloka amuchonderere ndi ndalama m'manja.

Ngalawa zakale zogulitsa zilipo m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi, ndipo mphepo salipira. Koma amene afuna kugula apite ndi munthu wodziwa kuyesa matabwa, asadzaze katundu mpaka m'milomo, ndipo chaka choyamba asayende popanda wamkulu amene anaonapo mwera ali pakati pa madzi.