Chitseko Chokana Kutsekeka

Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi chitseko cha kumbuyo chimene chimatseguka ndi kutsekeka chokha. Mwini wake amangodina batani, ndipo kamota ka magetsi kamakweza chitsekocho kapena kuchitsitsa. Koma kamota kameneka kalibe maso. Kamamvera kabokosi kolamulira chitseko, ndipo kabokosiko kamauzidwa zonse ndi tizipangizo totchedwa masensa. Masensa ali ngati amithenga a mfumu: amaona chimene chachitika, napita kukanena.

Amithenga amenewa ndi angapo. Woyamba ndi chingwe cha mphira chimene chili m'mbali mwa chitseko. Chingwechi chikapanikizika ndi dzanja kapena katundu, chitseko chimaima ndi kubwerera m'mwamba. Wachiwiri amakhala mu loko, ndipo amanena ngati chitseko chatsekekadi. Wachitatu amawerenga kuzungulira kwa kamota, kuti kabokosi kadziwe pamene chitseko chafika.

Bambo wina, atate wa ana anayi, anali ndi galimoto yotere. M'nyengo ya dzinja chitseko chake chinayamba kuvuta. Chinali kutsika bwino, koma chikafika pakati chinali kulira ndi kubwerera, ngakhale panalibe chochitchinga. Anzake anampatsa malangizo awiri. Ena anati, "Gulani sensa yatsopano, achimwene." Koma mtengo wake unali waukulu, ndiponso ana anali kudikira fizi. Ena anati, "Ingoichotsani sensayo, chitseko chidzatsekeka." Bamboyo anakana, pakuti mwana wake wamng'ono anali kukonda kugwira m'mbali mwa chitseko potsitsa katundu. Popanda mthenga ameneyo, ndani akanaimitsa chitseko chala cha mwana chili pomwepo?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Motero iye anayamba ndi zinthu zosalira ndalama. Anatsuka matope m'mbali mwa chitseko ndi mu loko, nayang'ana ngati chingwe cha mphira chang'ambika kapena kupindika. Chinali chabwino. Anatsegula buku la galimoto, napeza fyuzi ya chitseko, sinali yopsa. Kenaka anayezetsa batire. Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoliti 12.6 injini ili yozima, ndipo ikafooka chitseko chimachita zosayembekezeka. Yake inalibe vuto.

Pamenepo nzeru zake zinatha. Koma safunsa anadya phula. Iye anapita kwa makaniko wodziwa za magetsi. Makanikoyo analumikiza makina oyezera pa kabowo ka mano 16 kamene kamakhala pansi pa chiwongolero. Makinawo anaonetsa kuti uthenga wa chingwe cha kumanzere sunali kufika bwino. "Bambo," anatero makaniko, "makina anena kuti uthenga sukufika. Sananene kuti mthenga wafa. Tiyeni tione njira imene amadzera."

Njira imeneyo ndi mawaya. Kumwamba kwa chitseko, pafupi ndi mahinjesi, kuli kapaipi ka mphira m'mene mumadutsa mawaya ochokera m'thupi la galimoto. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka mawayawo amapindika, ndipo patapita zaka amatha kuthyoka, monga waya wa msampha umene mwana waupindapinda. Atafunyulula kapaipiko anapeza waya umodzi utaduka, utangotsala ndi khungu. Makaniko anaulumikiza, naukulunga bwino kuti madzi asalowe. Anatseka chitseko ndi manja mpaka loko atagwira, kuti kabokosi kadziwenso malo ake oyambira.

Chinatsala chinthu chimodzi, ndicho kuyesa. Sanaike dzanja ayi. Anakulunga chiguduli, nachiika m'mbali mwa chitseko, nadina batani. Chitseko chitakhudza chigudulicho chinabwerera. Atachichotsa chinatsekeka ndithu. Sensa yakale ija inali yamoyo, ndipo ndalama za fizi sizinakhudzidwe.

Tsono munthu amene chitseko chake chavuta ayambe ndi madzi ndi kansalu, adze pa fyuzi ndi batire, kenaka mawaya. Kugula sensa kukhale kotsiriza. Koma asalole kuti sensa ichotsedwe chifukwa chofuna kufulumira. Waya woduka amalumikizidwa pa ola limodzi, koma chala cha mwana chikaphwanyika sichigulidwa m'sitolo.