Ku Kafue pa 128MB: nyimbo 15 popita, 15 pobwela

Kuchoka pa Kafue Roundabout mu Lusaka kukafika mu tauni ya Kafue ni makilomita pafupifupi 45. Pa minibasi, mukaikapo kuimilila pa station iliyonse, jam ya pa Makeni na kondakita amene akangana na mayi wina pa nkhani ya chenji, ni ola limodzi. Manje chitani masamu. Nyimbo imodzi ni mamineti anayi, ndiye kuti ola limodzi ni nyimbo 15. Kupita na kubwela, nyimbo 30. Ndipo nyimbo 30 ndizo zinali kukwana mu ka MP3 player ka 128MB, kaja kooneka monga lighter, kamene akulu anu anali kukoleka m'khosi kuma 2006.

Ngati weekend ino mulibe pulogalamu, funsani panyumba ngati kaliko kakadali mu drawer ya ma charger akufa. Mukakapeza, gulani batile imodzi ya AAA pa kantemba, mukwele basi ya ku Kafue. Ngati kanasowa, pangani playlist ya nyimbo 30 chabe pa foni, muzime data. Osanama. Nyimbo 30, osapitilila.

Kanthu aka kanachokela kutali. Ma MP3 player oyamba anatuluka mu 1998: MPMan ya ku South Korea na Rio ya ku America, onse a 32MB, malo a nyimbo zisanu na zitatu chabe. Mu October 2001 Apple inatulutsa iPod ya 5GB, ya nyimbo 1,000, pa mtengo wa madola 399. Pa ndalama zathu zakale, zija za mazilo atatu amene anachotsedwa mu January 2013, inali kupitilila K1 miliyoni. Mu komboni iPod munali kuiona chabe kwa uja amene ali na aunt ku UK. Chamene chinafika kwa ise ni tumakina twa ku China twa mu mashopu a ku Kamwala na pa Town Centre: ka screen kang'ono ka buluu, ka FM radio mukati, ka voice recorder, na chivindikilo chamene mukachotsa mupeza USB. Ise amene tili na zaka za m'ma 20 tinali tufana nthawi ija. Nchito yathu inali kutumidwa kukagula batile, malipilo yake kumvelako nyimbo imodzi khutu limodzi.

Basi ikanyamuka, tinikani play. Nyimbo zitatu zoyamba zizathela mu chongo cha Kafue Road, pa Misisi na pa turn-off ya Chawama. Mukadutsa Lilayi mphepo iyamba kusintha. Pa nyimbo ya namba 8 kapena 9 muli pa Chilanga, pamene fakitale ya simenti yakhala kuchokela mu 1949, na Munda Wanga pambali pa mseu. Kuchoka apo manyumba achepa, tumapili tuyamba, mufika pa toll gate ya Shimabala. Apa ni pamene mwini wake wa ka player anali kuyang'ana ka chizindikilo ka batile na mtima m'mwamba. Batile ya pa kantemba sinali kulonjeza kanthu. Anyamata anali kuiluma na mano, ena kuiyanika pa dzuwa, ati ibwelele mphamvu. Inali kubwelela ya nyimbo imodzi na hafu.

Pa nyimbo ya namba 15 mwafika. Chotsani ma earphone poseluka, chifukwa mseu uyu ni wa ma truck opita ku Chirundu na ku Livingstone, ndipo truck siziwa kuti muli pa chorus.

Anthu ambili a mu Lusaka Kafue amaidziwa pa windo chabe: malo ogulapo nsomba na nthochi popita ku Southern, olo kumene kondakita akuuzani kuti mukodzeletu. Ena aganiza kuti ndiye kuli Kafue National Park, pamene paki ili kutali kwambili, njila ya ku Mumbwa. Koma tauni iyi ili na mbili yake. Njanji inafika kuno mu 1906, Lusaka isanalote n'komwe zokhala likulu mu 1935. Ulalo wa sitima pa mtsinje wa Kafue, wa mamita 427, unamangidwa chaka chomwecho ndipo ukali kunyamula sitima mpaka lelo.

Ufulu utabwela, boma la ba Kaunda linasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga fetelaiza mu 1970. Kafue Textiles inali kuluka nsalu na vitenge vamene amayi anu anavala. Kunabwela Bata Tannery ya vikumba na Lee Yeast ya chotupitsa buledi. Kafue Estates, na manyumba yake na ma flat yake, inamangidwila anthu osebenza mu makampani aya. Yendani na mendo mu Estates muone miseu mmene anaiyalila: munthu anakhala pansi na pensulo kuganizila wanchito amene azachoka pa shift nakupita kunyumba. Ma komboni monga Zambia Compound, Shikoswe na Soloboni anakula pambali pake.

Manje onani nthawi mmene inagwela. Kuma 2005, pamene tuma MP3 tunayamba kuoneka m'makosi mwa anyamata, ndi pamene makina a Kafue Textiles anali atazima, NCZ nayo ikuyenda mokwawa, azibambo akudikila ma benefit. Mwana wa munthu amene anali kuluka nsalu anakula alibe geti ya fakitale yokagogodapo. Ena anayamba kukwela basi m'mamawa kukasakila piece work ku Lusaka. Ola limodzi kupita, ola limodzi kubwela, tsiku na tsiku. Kwa munthu wotele ka player sikanali ka matama. Kanali chipinda chake cha yekha mu basi yodzaza, pa mpando wa anthu atatu pamene pakhala anayi.

Kukhala nako kunali na nchito yake. Kompyuta panyumba kunalibe, so munali kupita kwa mnyamata wa pa kantemba ka ma CD olo ku internet café kukafakisa nyimbo. Mulipila ka pin olo tuma pin tuwili, iye atsegula ma folder: Zed, Rhumba, Gospel, Slow, Ragga. Apa ndiye panali mayeso. Malo ni a nyimbo 30. Kuti Petersen alowe, wina afunika kuchoka. Muchotsa ndani? Danny na Yakumbuyo yake? JK? K'Millian, amene mufuna pa ulendo wa usiku mtima ukamawawa? Mnyamata wa kompyuta akuyang'anani, kumbuyo kwanu kuli mzele, imwe mukali kuganiza monga musankha dzina la mwana. Mukabwela kunyumba mupeza kuti wakuikilani nyimbo ziwili zamene simunapemphe, na virus pamwamba monga mbasela.

Maina a nyimbo kambili kunalibe. Ka screen kanali kulemba chabe Track 01, Track 02, Track 07 kawili. Munali kudziwa nyimbo na namba yake na kaphokoso koyambila. Ma earphone mbali imodzi inali kufa pa mwezi woyamba, ndiye mugwila waya mopinda na chala mpaka mau abwele, pa last mumanga na tepu. A sukulu anali kupitsa waya mukati mwa jersey, kutulukila ku dzanja, nakutsamila pa desiki monga munthu amene aganizila kwambili za Geography. Aphunzitsi nawo sanali opusa. Tumbili tunathela mu ma drawer a mu staff room.

Ndipo panali chikondi. Kupatsa mtsikana earphone imodzi kunali kufunsila kosakamba. Waya unali waufupi, so mufunika kuyenda phewa na phewa, mwendo umodzi, kuchoka ku Estates mpaka ku maketi. Bluetooth inapha zimenezo. Lelo mungamvele nyimbo imodzi wina ali pano wina ali kutsidya kwa mseu.

Njala ikakugwilani, lowani mu maketi mufunse nsima na bream ya mu Kafue, yokazinga, na chibwabwa olo impwa pambali. Mukadya, pitani kumtsinje. Kumeneko zimani nyimbo zonse. Muzamvela nkhafi za asodzi pa mabwato, mbalame mu matete, na madzi amene ayenda mwakachetechete kupita ku Kafue Gorge kukazungulutsa makina a malaiti amene muchajila foni yanu. Muzaona na Kafue weed, chomela chija cha maluwa okongola chamene chitseka mtsinje nakuvutitsa asodzi. Osasambamo, muli ng'ona na mvuwu. Osayenda pa njanji muli na ma earphone m'makutu, ndipo ulalo wa sitima muuonele patali. Ngati ni tsiku la bola, funsani ngati Kafue Celtic ili panyumba pa Khosa Stadium. Ng'oma za ma supporter ni playlist ina yosafuna batile.

Koma pali nkhani imene sitingaibise. Nyimbo zamene tinali kufakisa zija, woimba sanali kuonapo ngwee. Mu 1999 ba Chisha Folotiya anayambitsa Mondo Music, imene inatulutsa Daddy Zemus na album yake Chibaba, Black Muntu na Wisakamana, Shatel, JK na ena. Kampani iyo inabwezela nyimbo za Zambia pa wailesi na mu mabasi, nthawi imene rhumba na kwaito zinali zitatenga malo onse. Ndalama yake inali kuchokela mu kugulitsa makaseti na ma CD. Manje CD imodzi ikafika pa kompyuta ya pa kantemba, mawa ili mu tuma player 50. Lamulo la Copyright and Performance Rights linalipo kuchokela mu 1994, boma linabweletsa na hologram pa ma CD mu 2013, koma fayilo ya MP3 mungaimate sticker pati? Mnyamata wa kompyuta anadyako, wa mabatile anadyako, woimba anatsala na kutchuka na ndalama ya ma show. Ambili amene munali kuvina nyimbo zawo anali kukwela basi imodzi na imwe, kudikila chenji monga imwe.

Apa ndiye nkhani itembenuka. Ma CD a nthawi ija anakalika, makaseti anadyewa na ma radio, makompyuta a ma studio anapsa na malaiti obwela mwamphamvu. Nyimbo za ma star akulu muzazipeza pa YouTube olo Boomplay, ngakhale si zonse. Nanga za mnyamata wa mu Zambia Compound amene anajambula nyimbo zitatu mu studio ya kuseli kwa nyumba, pa beat ya FruityLoops, matilesi ataimikidwa kuchipupa? Nanga kwaya ya pa tchalitchi imene inapanga ma CD 100 chabe? Nanga mau a ambuya anu amene mukulu wanu anajambula mwamasewela na ka voice recorder? Vinthu ivi kulibe kumene anavisunga. Ngati vikalipo, vili mu tuma player na ma memory card amene ali mu ma drawer. Kanthu kamene kanabela oimba ndiko kasunga nyimbo zawo. Tauni imene inaona fakitale yonse ya nsalu ikutseka idziwa bwino kuti chinthu chingasowe anthu akuyang'ana.

So mukakapeza, chitani izi. Choyamba chotsani batile yakale, chifukwa ikakhalitsa imatulutsa vamadzi voyela vamene vidya tuzitsulo twa mukati. Pukutani na kansalu kouma. Tumbili twa mtundu uyu tumasebenza monga flash, ndiye katsomekeni ku kompyuta ili na antivirus, mukope folder yonse musanatsegule kalikonse. Kompyuta ikakufunsani za format, kanani, apo ayi zonse zapita. Sungani makope awili, imodzi pa flash ina pa email olo pa Google Drive. Ndiye khalani pansi na mukulu wanu mumvele Track imodzi imodzi, akuuzeni woimba na chaka, mulembe maina. Mukapeza nyimbo ya munthu amene akali moyo, musakileni pa Facebook mumutumizile. Mwina iye mwini alibe. Ndipo ngati ali na show olo agulitsa nyimbo, lipilani. Nkhongole ija ya mu 2006 ikalipo.

Tumakina utu situnakhalitse. Mafoni a memory card monga Nokia 5310 XpressMusic ya mu 2007 atabwela, munthu analeka kunyamula vinthu viwili. Apple nayo inaleka kupanga iPod mu May 2022. Lelo foni yanu ili na nyimbo zosatha, ndipo muzidumpha pa masekondi khumi. Uja wa nyimbo 30 anali kudziwa iliyonse mpaka pamene woimba apumila.

Osachedwa kumtsinje, mabasi obwelela ku Lusaka amachepa kukada. Khalani ku windo ya kumanzele muone dzuwa likulowa kumbali ya Kafue Flats. Mwatsala na nyimbo 15. Ngati wokhala pafupi na imwe ayang'anitsitsa kanthu kali m'khosi mwanu nakumwetulila, ni wa nthawi ija. Mupatseni earphone imodzi, azakuuzani Track 07 ni ndani.