Tsiku Limodzi pa Msika wa Mfuti wa Darra Adam Khel

Mapemphero a m'bandakucha akangotha m'mizikiti, zitseko zachitsulo zimayamba kutsekuka m'mbali mwa msewu wa Darra Adam Khel, tawuni ya m'mapiri pakati pa Peshawar ndi Kohat, kumpoto chakumadzulo kwa Pakistan. Olawirira ndi anyamata ophunzira ntchito, amene amasesa tizidutswa ta chitsulo cha dzulo n'kukatengera aphunzitsi awo tiyi ndi buledi wa naan. Dzuwa likamatuluka tupa imakhala italira kale.

Kuno ndi kwa a Afridi a fuko la Adam Khel, ndipo akhala akusula mfuti kwa zaka zoposa 100. Mashopu a kumsewu ndi ogulitsiramo chabe. Ntchito yeniyeni ili m'tinjira ta kuseri, m'tizipinda topanikiza momwe mmisiri amakhala pansi, chitsulo atachipana patsogolo pake. Aliyense ali ndi mbali yake: uyu mipope ya mfuti, uyo matabwa ogwirira, winayo magazini, kabokosi kachitsulo kosungamo zipolopolo. Wa magaziniyu anthu samusamala kwenikweni, koma ndiye wondichititsa chidwi. Ku fakitale, magazini ya Kalashnikov imalowa mu Kalashnikov ina iliyonse ya mtundu womwewo chifukwa miyeso ndi imodzi. Ku Darra zambiri zimayezedwa ndi diso, choncho magazini yokwana bwino mu mfuti iyi imatha kukana mu inzake yooneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake wogula wochenjera sachoka asanayese zonse pamodzi.

Kuyesako kumachitikira pompo. Cha m'ma 11 koloko, ogula atachuluka, mwini shopu amangotuluka pakhomo n'kuwomba m'mwamba. Mlendo amadzidzimuka, wophika chapli kebab satembenuka n'komwe.

Masana magetsi amazima, monga zimachitikira kawirikawiri m'derali. Majenereta amadzuka, makina ena n'kuima, ndipo amisiri amapezerapo mpata wopemphera ndi kudya. Apa m'pamene akuluakulu amakumbutsana za kale. Agogo awo ankakopera mfuti za Angerezi, Martini-Henry ndi Lee-Enfield, mpaka zidindo zomwe. Poti Chingerezi sankachiwerenga, zina zinatuluka ndi chilembo cha N chotembenuka m'dzina loti Enfield, zina ndi chizindikiro cha Mfumukazi Victoria pambali pa chaka chimene mayiyo anali atamwalira kale, pakuti anamwalira mu 1901. Osonkhanitsa mfuti zakale ku Ulaya ndi ku America amazizindikirira pamenepo, ndipo amachenjezana kuti asaziwombe, popeza chitsulo chake sichidziwika kulimba kwake. Luso la manja lilipo ndithu, koma silingalimbitse chitsulo chofewa.

Malonda anafika pachimake asilikali a Soviet Union atalowa mu Afghanistan mu 1979. Kenaka zinthu zinatembenuka. A Taliban a ku Pakistan anakhazikika m'derali, asilikali a boma n'kulimbana nawo mu 2008, ndipo mu Novembala 2010 bomba linapha anthu oposa 60 mu mzikiti pa mapemphero a Lachisanu. Mu 2018 madera a mafuko anaphatikizidwa m'chigawo cha Khyber Pakhtunkhwa, malamulo a dziko lonse n'kufika pamalo pomwe kale nkhani zinkathera pa jirga, bwalo la akuluakulu. Tsopano nkhani ya malayisensi siisowa pakamwa pa amisiri akamamwa tiyi wobiriwira wa kahwa chakumadzulo, ndipo ena anaisiyiratu ntchitoyi.

Dzuwa likapendeka, malole opakidwa maluwa amadutsa kulowera ku msewu wapansi pa phiri wa Kohat, womwe unatsegulidwa mu 2003 ndi thandizo la Japan. Ogula omaliza amanenerera mitengo, katundu atakulungidwa kale m'nsalu. Anyamata aja amapukuta mafuta m'manja, ena kupita kwawo, ena ku laibulale yomwe munthu wina wakomweko anatsegula mu 2018 pafupi ndi msikawu. Ena mwa makolo amene amatumiza ana awo kumeneko ndi amisiri a mfuti omwewo.